Kampopi kakang'ono kamene kamayeza kloro m'madzi athu

Omvera athu a m'midzi ya m'malire, pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri pamalo otungira madzi, makamaka kumene kuli thanki ya pasukulu, ya pachipatala kapena ya pamsika. Amayi amati m'mawa madzi amanunkha mankhwala mpaka tiyi osamweka, koma pofika madzulo fungo lonse latha ngati sanathiremo kanthu. Ena akatopa nazo amangosenza zigubu zawo kubwerera kudambo. Ambiri amanena kuti mankhwalawo ndi oipa, ena amaloza chala munthu wothira. Komatu nthawi zambiri vuto limakhala pa kanthu kakang'ono kamene sitikayang'ana n'komwe, kamene kamatsegula ndi kutseka njira imene mankhwala amadzera polowa m'madzi. Pa Chipwitikizi amati válvula, amakaniko a tsidya la Malawi amati valavu. Mpopi wa pathanki ndi valavu, kotsekera mpweya pa tayala la njinga ndi valavunso. Imene tikambe pano ndi valavu ya kloro.

Kloro, amene anzathu a ku Malawi amati klorini, amafika kwa ife m'maonekedwe atatu. Pali wa madzi, monga Certeza amene anayamba kugulitsidwa kuno ku Mozambique mu 2004, WaterGuard wa ku Malawi, ndi javel wochapira zovala. Pali wa ufa woyera kapena mibulu, uja azaumoyo amati HTH, amene ndi wamphamvu kwambiri chifukwa pa magalamu 100 alionse, magalamu 65 mpaka 70 amakhala kloro weniweni. Ndiye pali wa mpweya, wosungidwa m'masilinda a chitsulo, amene amagwira ntchito kumalo akuluakulu oyeretsera madzi a m'mizinda ndi kumafakitale. Onsewa akalowa m'madzi ntchito yawo ndi imodzi: kupha tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi. Si nzeru ya dzulo ayi. Mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira kloro m'madzi a anthu onse tsiku ndi tsiku mu 1908.

Nkhani yonse ya kloro yagona pa muyezo. Mukathira kloro m'madzi, gawo lina limatha pomenyana ndi litsiro, matope, zowola za masamba ndi tizilombo. Gawo limene latsala ndiye mlonda wa madzi aja, amene amawateteza ali m'paipi, m'chigubu, mpaka mumtsuko kunyumba. Bungwe la OMS, loona za umoyo pa dziko lonse, limati pakatha mphindi 30 chithirireni, pazitsala theka la miligalamu pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti 0.5, ndipo pofika pampopi wotungira pasatsike kuposa 0.2. Malire a pamwamba ndi 5, koma lilime la munthu limadandaula kalekale tisanafike pamenepo, pakuti ena amayamba kumva kakomedwe ka kloro pa 0.3 pomwe. Kuti muone kuchepa kwa miyezo imeneyi, supuni imodzi yaikulu ya ufa wa HTH ingathe kukwanira madzi oyera a zigubu 500 za malita 20. Dzanja la munthu silingayeze zochepa chonchi molondola tsiku lonse. N'chifukwa chake pamafunika valavu.

Kloro akachepa, tizilombo timapulumuka, anthu n'kumamwa ndi mtima wonse poganiza kuti madzi ali bwino. Akachuluka, anthu amathawa madziwo n'kukatunga kumtsinje, ndipo mapeto ake ndi amodzimodzi. Sitinaiwale kolera imene inayamba ku Malawi mu Malichi 2022 n'kugwira anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Kuno kwathu inatulukira m'boma la Lago, m'chigawo cha Niassa, mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo namondwe Freddy atawononga mipopi ndi zimbudzi ku Quelimane mu Malichi 2023, inafalikira koopsa. Madzi a mtsinje sadziwa malire a dziko, kolera nayonso sifunsa chiphaso.

Thanki ya m'mudzi

Tiyambe ndi zimene zili pafupi nafe. Masiku ano midzi yambiri, sukulu ndi zipatala zing'onozing'ono zili ndi pampu ya sola imene imakweza madzi kupita muthanki ya pamwamba. Kumalo otere njira yosavuta ndi yodontheza. Amasungunula ufa wa HTH m'chigubu cha pulasitiki, magalamu 15 pa lita imodzi ya madzi, imene ndi supuni yaikulu imodzi yosasefukira. Akatakasa amasiya kuti zoyera zija zikhazikike pansi, kenaka amatsanula a pamwamba okha m'chigubu china chimene chili ndi kampopi kumunsi kwake. Chigubu chimenechi chimakhala pamwamba pa thanki, ndipo mankhwala amadontha pamalo pamene madzi akulowera, kuti zisakanikirane bwino.

Funso ndi lakuti adonthe ochuluka bwanji. Yankho lake silipezeka m'buku, chifukwa madzi a chitsime china amadya kloro wambiri kuposa a chitsime china, ndipo madzi a mu Januwale sangafanane ndi a mu Okutobala. Azaumoyo amayesa ndi ndowa. Amatunga ndowa zinayi za malita 20 iliyonse. Ndi seringa, ija ya jakisoni koma yochotsa singano, amathira mililita imodzi ya mankhwala osungunula aja mundowa yoyamba, imodzi ndi theka muyachiwiri, awiri muyachitatu, awiri ndi theka muyachinayi. Pakatha mphindi 30 amatapa madzi pang'ono mundowa iliyonse, kuika mukabokosi koyezera ndi kuponyamo kambulu kotchedwa DPD. Madzi amasanduka ofiirira, ndipo kufiira kwake amakufanizira ndi manambala olembedwa pambali. Ndowa imene yaonetsa 0.5 ndiyo yatiuza muyezo.

Tiyerekeze kuti yapambana ndi ndowa yachitatu, ya mamililita awiri. Thanki ya malita 5,000 ndi ndowa 250. Ndiye kuti thanki yonse ikufuna mamililita 500, theka la lita. Ngati pampu imadzaza thankiyo m'maola asanu, kampopi kayenera kutulutsa mamililita 100 pa ola. Wosamalira thanki amatchera kapu yoyezera pansi pa kampopi, kuyang'ana wotchi, ndi kupotokola pang'onopang'ono mpaka muyezo utakwana. Amene munagonekapo wodwala kuchipatala munaona namwino akukankha kagudumu ka pa paipi ya soro, ija ya dripi, uku akuwerenga madontho. Ntchito yake ndi yomweyo, ndipo imafuna kudekha komweko. Apa m'pamene mpopi wamba, uja wongotembenuza kamodzi n'kutseguka wonse, umalephera. Ndi wabwino potsegula ndi kutseka, koma suyeza. Poyeza pamafunika valavu ya nsonga ngati singano, imene mumaipotokola kangapo kuti njira ikule pang'ono chabe. Komiti imene ili ndi nzeru imaika zonse ziwiri motsatizana: imodzi yoyezera imene saikhudzakhudza, ina yotsekera imene amatsegula m'mawa ndi kutseka madzulo.

Tsopano tibwerere ku dandaulo la amayi lija. Pampu ya sola imaleka kukoka dzuwa likapendeka, koma chigubu cha mankhwala sichidziwa kuti dzuwa lalowa. Ngati palibe wotseka, chimadonthabe usiku wonse m'madzi ochepa amene atsala muthanki. Maola 12 a usiku pa mamililita 100 pa ola ndi lita imodzi ndi kanthu, kuposa kawiri muyezo wa tsiku lonse. Amene walawira kukatunga ndiye amalandira zonsezo. Kenaka chigubu chimatha msanga, ndipo masana madzi amalowa opanda mankhwala konse. Choncho fungo lamphamvu la m'mawa sikuti likutanthauza kuti thankiyo ikusamalidwa kwambiri. Kawirikawiri limatanthauza kuti dzulo madzulo wina anaiwala kutseka.

Palinso chifukwa china chimene ambiri sachidziwa. Ngakhale munthu asakhudze kampopi, madontho sakhala ofanana tsiku lonse. Chigubu chikakhala chodzaza, kulemera kwa madzi a pamwamba kumakankha mwamphamvu, madontho amathamanga. Chikafika theka amayamba ulesi, chikatsala pang'ono amangoti apa ndi apo. Mudziyesere nokha ndi ndowa yoboola kumunsi: poyamba madzi amathamanga kugwera patali, pomaliza amangotsetsereka m'mbali. Amisiri anapeza njira zothetsera zimenezi. Ina ndi kuika kabakuli koyandama m'kati mwa chigubu, kokhala ndi kabowo kolowera mankhwala ndi kapaipi kofewa kotulutsira kunja. Mankhwala akamatsika, kabakuli nakonso kamatsika nawo, ndiye kuya kwa pakabowo sikusintha. Ina ndi kabokosi kachiwiri kokhala ndi choyandama chimene chimatseka pakadzaza ndi kutsegula pakachepa. Anyamata okonza njinga zamoto pamsika amachidziwa bwino chinthu chimenechi, chifukwa mukabureta muli choyandama ndi kasingano zogwira ntchito yomweyo pa petulo. Komiti ikasowa wofunsa, mwina mmisiri wake ali pompo pamsika.

Mdani wina wa valavu ndi zoyera zija zimene zimakhazikika pansi. HTH ali ndi laimu m'kati mwake, ndipo laimuyu amamatirira pakabowo mpaka kutseka. Ndicho chifukwa chake tanena kuti musungunulire kwina, mudikire, mutsanule a pamwamba okha. Kampopi kasakhalenso pansi penipeni pa chigubu, kakwereko zala zitatu kapena zinayi. Sabata iliyonse kamasuleni, mukatsuke ndi madzi wamba ndi kamswachi. Pamenepa tichenjeze mwamphamvu: musathire asidi wa batire, vinyagre kapena mankhwala otsukira chimbudzi pamene pali kloro pofuna kusungunula laimu. Asidi akakumana ndi kloro wa ufa kapena wa madzi, pamatuluka mpweya wa kloro umene ungakomole munthu ali pamwamba pa thanki.

Za chimene valavu yapangidwira nazo n'zofunika. Kloro wosungunula amadya chitsulo, amadya mkuwa, amaumitsa mphira wamba mpaka kusweka. Mpopi wa mkuwa wa kusitolo, ngakhale uoneke wolimba ndi wodula, pa chigubu cha kloro sukhalitsa: umachita dzimbiri lobiriwira, n'kuyamba kuchucha kapena kukana kutembenuka. Wofunika ndi wa pulasitiki ya PVC. Pogula, gulani ziwiri kuti ina ikhale yodikira, chifukwa thanki zambiri zimakhala miyezi popanda mankhwala pongoyembekezera kanthu kamene kangakwane m'thumba la malaya. Chigubu cha mankhwala chikhale pamthunzi ndi chovindikira, pakuti dzuwa ndi kutentha zimathetsa mphamvu ya kloro. Sungunulani ongokwanira sabata imodzi.

Kumene mankhwala amalowetsedwa m'paipi mwachindunji ndi kapampu kakang'ono ka magetsi, pamakhalanso valavu yoletsa kubwerera. Imalola madzi kupita mbali imodzi yokha, monga ija ya pansi pa mjigo imene imagwira madzi kuti asabwerere kuchitsime. Ikawonongeka, madzi a m'paipi amabwerera m'chigubu n'kusungunula mankhwala, kapampu n'kumangogunda tsiku lonse kakuthira madzi enieni. Chizindikiro chake n'chosavuta: chigubu chimene chimayenera kuchepa chikuoneka chodzaza nthawi zonse. Malo ena amagwiritsa ntchito mibulu ikuluikulu ya kloro yoikidwa mukabokosi ka pa paipi. Pamenepo valavu imagawa madzi, ena adzere pamibulu, ena alambalale. Ubwino wake ndi wakuti madzi akaima, kuthira nakonso kumachepa kokha, ngakhale madzi oyamba kutuluka pambuyo poima nthawi yaitali amakhala amphamvu.

Pamjigo ndi kunyumba

Amene mumapita kukaona abale tsidya lina mwina munaonapo kathanki ka buluu koimikidwa pamtengo pafupi ndi mjigo. Bungwe la Evidence Action linaika tambiri ku Kenya, ku Uganda ndi ku Malawi, kuyambira m'boma la Zomba. Nzeru yake yonse ili pa valavu. Mukaitembenuza kamodzi imatulutsa mamililita atatu, osaposa, okwanira chigubu cha malita 20. Munthu amayamba wathira mankhwala m'chigubu chopanda kanthu, kenaka n'kupopa madzi kuti asakanize, ndipo ulendo wobwerera kunyumba umathandiza kukwaniritsa mphindi 30 zodikira. Palibe kuwerenga madontho, palibe kuyerekeza ndi maso. Chofooka chake n'chakuti kathanki kakauma ndipo palibe wobweretsa mankhwala ena, valavu yabwinoyo imangosanduka choseweretsa ana.

Kunyumba valavu yathu ndi kachivindikiro ka botolo. Opanga Certeza anakonza kachivindikiro kake kuti kakhale muyezo: kamodzi pa chigubu cha malita 20, kukhutchumula, kudikira mphindi 30. Musabwereke chivindikiro cha botolo lina, ndipo botolo la tsidya lina muwerenge malangizo ake, musangoganiza kuti n'chimodzimodzi. Madzi akakhala a matope, ayambe akhazikika, muwasefe pansalu yoyera, kenaka muthire tizivindikiro tiwiri. Tizilombo timabisala m'matope, ndipo pali tina, monga kotchedwa Cryptosporidium, timene kloro wa muyezo wa kumwa satipha, choncho kusefa si mwambo chabe. Javel wonunkhiritsa kapena wosakaniza ndi sopo asalowe m'madzi akumwa. Ndipo ndowa yokhala ndi mpopi kumunsi ndi yabwino kuposa mtsuko wotsegula, chifukwa kapu ndi dzanja zikamalowa m'madzi kakhumi pa tsiku, mlonda uja amatha msanga.

Nthawi ya kolera, kumalo ogonekera odwala mumaona ndowa za mipopi zingapo zitandandalikidwa. Si zofanana ayi. Ya kusamba m'manja imakhala ndi muyezo wa 0.05 pa 100, ya kukolopera pansi ndi kuchapira zofunda 0.2 pa 100, ya kuthira pa masanzi, chimbudzi ndi mitembo 2 pa 100. Ngakhale yofooka kwambiri mwa izi ndi yamphamvu kuposa madzi akumwa maulendo mazanamazana. Inu odikirira odwala, musatunge madzi akumwa pandowa imene simunafunse. Mwana akamwa kloro wamphamvu musamusanzitse, mum'patse madzi wamba pang'ono ndi kuthamangira naye kwa namwino. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15.

Mawu amodzi kwa alimi anzathu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kumene pafupifupi nyumba iliyonse imasunga matumba a feteleza wa chimanga ndi mbatata. Ufa wa HTH usagone chipinda chimodzi ndi feteleza, makamaka ureya, kapena petulo, dizilo ndi oyilo. Zikakhudzana zingathe kuyaka kapena kuphulika popanda machesi. Msungichuma wa komiti asaike chitini cha HTH pansi pa bedi chifukwa choopa akuba. Malo ake ndi ouma, ozizira, opita mphepo, okiyidwa.

Kloro wa mpweya

Kumizinda ikuluikulu, kumene madzi oyeretsedwa pa tsiku ndi mamiliyoni a malita, ambiri amagwiritsa ntchito kloro wa mpweya chifukwa ndi wotsika mtengo pa madzi ochuluka chotero. Amagwiranso ntchito popanga mapaipi a PVC omwewa ndi poyeretsa mapepala. M'silinda amakhala wothinikizidwa mpaka kusanduka wamadzimadzi, ndipo lita imodzi ikathawira kunja imafufuma kukhala malita pafupifupi 460 a mpweya wachikasu chobiriwira, wolemera kuposa mpweya wamba kawiri ndi theka. Suuluka kupita kumwamba ngati utsi wa moto, umakwawa pansi kutsata zigwa ndi ngalande. Pa 27 Juni 2022, pa doko la Aqaba ku Jordan, chingwe chokwezera katundu chinaduka, thanki ya matani 25 a kloro inagwa n'kuphulika. Anthu 13 anamwalira, ovulala anaposa 250.

Poti chinthucho n'choopsa chotere, mavalavu ake anakonzedwa mochenjera. Valavu ya pamutu pa silinda imatsegulidwa ndi sipanala yakeyake yaifupi, osapyola kuzungulira kumodzi, ndipo sipanalayo imasiyidwa pomwepo kuti pakavuta munthu atseke ndi dzanja limodzi. Pamenepo pamamangidwa chipangizo chimene chimakhala chotseka nthawi zonse ndi sipuling'i, ndipo chimatseguka pokhapokha china chake chikamayamwa kuchokera kutsogolo. Choyamwacho ndi madzi omwe akuyeretsedwa: amadutsa pakakhosi kopapatiza mothamanga, ndipo kuthamangako kumakoka mpweya wa kloro, monga mmene pampu yopoperera ya pakamwa imakokera mankhwala m'chitini. Taonani ubwino wake. Magetsi akazima, madzi amaima, kuyamwa kumatha, valavu imadzitsekera yokha. Paipi ikathyoka, mpweya wa kunja ndiwo umalowa m'kati, kloro satuluka. Vuto la thanki ya m'mudzi yodontha usiku wonse, kumeneko linathetsedwa ndi sipuling'i. Pakati pa njira pali kagalasi koima kokhala ndi kampira m'kati, kamene kamakwera kloro akamadutsa wambiri, ndi valavu yoyezera imene wogwira ntchito amapotokola akuyang'ana kampirako.

Pa valavu ya silinda palinso kachitsulo kofewa kamene kamasungunuka kutentha kukafika madigiri 70 mpaka 74, kuti silinda ikakhala pamoto ipume m'malo mophulika. Ogwira ntchito amasintha kamphete ka mtovu kotsekera polumikiza nthawi iliyonse akasintha silinda, sapaka girizi kapena oyilo pa valavu, ndipo akafuna kudziwa ngati pakuchucha amayandikiza botolo la amoniya: pakatuluka utsi woyera, ndiye kuti pali bowo. Chimene sachita ndi kuthirapo madzi. Kloro wouma sadya chitsulo, koma akanyowa amasanduka asidi amene amakulitsa bowolo.

Komabe valavu imene siyesedwa ili ngati galu wokalamba wogona pakhomo. Pa 14 Ogasiti 2002, pafupi ndi tauni ya Festus m'chigawo cha Missouri ku America, paipi yofewa yotsitsira kloro kuchokera m'bogi ya sitima inaphulika. Pamalopo panali mavalavu odzitsekera pa ngozi, ndipo ogwira ntchito anadina batani lake. Mavalavu sanatseke. Ofufuza anapeza kuti dzimbiri linali litaunjikana m'kati mwake, ndipo kayesedwe ka pamalopo sikankatsimikizira ngati amatsekadi mpaka kumapeto. Kloro anatuluka kwa maola pafupifupi atatu, matani oposa 20, ndipo anthu oposa 60 anakafuna thandizo kuchipatala. Zipangizo zinalipo, zodula ndithu. Chimene chinasowa ndi munthu woziyesa bwino pa tsiku limene kulibe ngozi.

Mwina mukuti ife a kumudzi zikutikhudza bwanji. Misewu ya Zóbuè ndi Calómuè imadutsa magalimoto a katundu wa mitundumitundu. Galimoto yonyamula kloro wa mpweya imakhala ndi chikwangwani cholembedwa nambala 1017. Yoteroyo ikagwa, si yothamangirako ndi zigubu. Thawani mopingasa mphepo, kenaka molowera kumene mphepo ikuchokera, ndipo kwerani kumtunda, musabisale m'dzenje kapena pansi pa mlatho. Amene wapuma mpweyawu avule zovala, asambe, apite kuchipatala ngakhale akumva bwino, chifukwa mapapo amatha kudzaza madzi patapita maola angapo. Inunso ogula ndi kugulitsa zitsulo zakale, silinda imene simukudziwa chimene munali musaidule, musaimasule valavu, musaiike pamoto. Silinda ya kloro imene amati yatha imakhalabe ndi mpweya wokwanira kuvulaza khomo lonse.

Kloro ndi kolera

Pali nkhani imene sitingailambalale. Pa Chipwitikizi mawu akuti cloro ndi cólera amamveka mofanana, ndipo m'madera ena a dziko lino anthu akhala akukhulupirira kuti amene akuthira mankhwala m'zitsime ndiwo akubweretsa matenda. Mu 2009, m'boma la Mogincual ku Nampula, anthu ongodzipereka a Cruz Vermelha anaukiridwa pa mlandu umenewu, anthu anafa, ndipo pambuyo pake ena oposa khumi mwa amene anamangidwa anafera muselo ya apolisi chifukwa chosowa mpweya. Mphunzitsi wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, malemu Carlos Serra, anali atafufuza kale zipolowe zotere m'buku lake la Cólera e Catarse la mu 2003. Iye anaona kuti muzu wake sunali umbuli chabe. Anthu amene akhala zaka popanda madzi abwino ndi mankhwala, akaona alendo atulukira mwadzidzidzi ndi ufa woyera sabata yomweyo imene maliro ayamba, savutika kulumikiza ziwirizo.

Kunena zoona, thanki imene lero ikununkha koopsa, mawa ilibe fungo, mkuja ana atsegula m'mimba, imadyetsa mphekesera zotere. Wothira mankhwala amene amakwera pathanki mbandakucha yekhayekha, osauza munthu, nayenso amazidyetsa, ngakhale mtima wake uli woyera. Kuyesa kwa ndowa zinayi kuja kuchitike masana, nyakwawa alipo, amayi otunga madzi alipo, ndipo kambulu ka DPD aponye ndi mmodzi wa iwo. Pakatha mphindi 30, wothirayo ayambe ndiye kumwa. Anthu aone kuti kampopi ndi aka, kamatsegulidwa nthawi yakuti, kamatsekedwa nthawi yakuti, ndipo makiyi amasunga ndi uje.

Komiti ikhale ndi kope lake lolemberamo. Tsiku lililonse palembedwe ola limene valavu yatsegulidwa ndi kutsekedwa, mamililita amene atuluka pa ola, ndi nambala imene kabokosi koyezera kaonetsa pampopi wa pafupi ndi thanki komanso pampopi wa kutali kwambiri, chifukwa kloro amanka nachepa m'njira. Nthawi ya mliri azaumoyo amakweza muyezo, kufika 1 pa mipopi ya anthu onse ndi 2 podzaza magalimoto ogawa madzi, ndiye fungo limamveka ndithu. Zimenezi zilengezedwe kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika zisanachitike. Mvula yoyamba ikagwa ndipo madzi asintha mtundu, ndowa zinayi zija zitulukenso, muyezo wa chilimwe usapitirire mpaka dzinja.